Kwanu nkwanu, ngakhale ufike chimanjamanja

Achimwene anga abwera sabata yatha kuchokera ku Joni, komwe anakhala zaka 6. Anatsika basi pa Lizulu dzuwa likulowa, kachikwama kamodzi kumsana, n'kukhala pakhonde la golosale ina mphepo ikuwamenya, kudikira kuti kude kaye asanalowe m'mudzi. Atandiuza zimenezi mtima unandiwawa. Munthu kuzemba kwawo ngati wakuba?

Koma sindingawadzudzule. Ifeyo ndi amene taopsa kumudzi. Munthu akabwera ndi galimoto, mabulangeti ndi mafoni, nthungululu zimamveka mpaka kutsidya, kutchalitchi n'kumukhazika kutsogolo. Akabwera opanda kanthu, kumjigo ndi kuchigayo nkhani imakhala imodzi: "Nanga ankatani kumeneko zaka zonsezi?" Matchona ambiri sanaiwale kwawo ayi. Ndi manyazi.

Pamaliro timakonda kunena kuti kwathu kwenikweni n'kumwamba. Sindikutsutsa. Kungoti kumeneko tonse tidzafika chimanjamanja, ndipo tikuyembekeza kuti akatilandira. Nanga chimatikanika n'chiyani pano?

Masiku ano ndikumuganizira kwambiri Naomi wa m'Baibulo. Njala itavuta ku Betelehemu, mudzi womwe dzina lake likutanthauza nyumba ya mkate, anathawira ku Mowabu ndi mwamuna wake ndi ana aamuna awiri. Onse atatu anawaika komweko. Pobwerera sanadikire mdima, ananena poyera pamaso pa amayi a m'mudzi kuti anachoka wodzala koma wabwera wopanda kanthu (Rute 1:21). Ndipo kwawoko kunali lamulo loti okolola asamatole zonse, azisiyirako amasiye ndi alendo. N'chifukwa chake Rute, mpongozi wake amene anabwera naye, anapeza pokunkha m'munda wa Boazi.

Agogo anga sankadziwa kuwerenga, koma lamuloli ankalisunga. M'ma 1980, nkhondo itakula ku Mozambique, anthu ankangowoloka msewu wa M1 womwewu, poti malire ndi omwewo. Banja lina linagona m'khitchini mwa agogo, pafupi ndi mafuwa, mpaka mtendere utabwera mu 1992. Palibe anawafunsa kuti mwatenga chiyani.

Ndikudziwa kuti zinthu zathina. Chigwereni kwacha mu November 2023 feteleza sagulika, kenako ng'amba ya 2024 inasiya nkhokwe zambiri zili mbee. Pakamwa pamodzi pakawonjezereka pakhomo, thumba la ufa limamva. Inenso, ndisaname, nditaona kachikwamako ndinayamba ndawerengera matumba otsala.

Amayi sanawerengere. Atamva odi usiku uja anatsegula, n'kuwaunika kumaso ndi tochi. "Wafika mwana wanga? Madzi ali pamoto, kasambe." Nsima inali ya mpiru wotendera basi. M'mawa mwake tinapita kudimba kukakumba kachewere, manja a achimwene n'kutuluka matuza tisanadzaze ndowa yachiwiri.

Lamulungu lapitali achimwene sanapite kutchalitchi. Akuti ayamba aone kaye.