Ndalama ya msika ionekere pamsika

Dzulo m'mawa ndinaperekeza mayi anga kumsika wa pa boma pathu, kumene akhala akugulitsa tomato ndi anyezi kwa zaka zambiri, ndipo zimene ndinaona zikundiwawabe mumtima. Asanagulitse ngakhale mulu umodzi, wotolera ndalama za khonsolo anali atafika kale ndi kabuku kake ka matikiti, ndipo mayi anamasula mfundo ya pachitenje n'kulipira mosawiringula monga amachitira tsiku lililonse. Pambali penipeni pa malo amene anayala thumba lawo panali mulu wa zinyalala umene wagona pamenepo masabata angapo, ntchentche zikuuluka kuchoka pa makoko a nthochi owola n'kumatera pa tomato wawo. Chimbudzi cha pamsikapo chinadzaza kalekale ndipo anachikhoma ndi loko, mpopi nawonso unauma.

Ndikufunsa mosapsatira mawu: ndalama imene mayi anga amapereka m'mawa uliwonse imapita kuti? Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu zotolera ndalama zawozawo kudzera m'misonkho ya malo ndi nyumba, ziphaso za malonda, komanso ndalama za m'misika ndi m'madepoti, koma lamulo lomwelo linawasenzetsanso udindo wosamalira misika ndi ukhondo wake. Walira mvula walira matope. Amene ali ndi miyendo yofika pa benchi iliyonse dzuwa lisanakwere kudzatolera ndalama, akhalenso ndi miyendo yobwera ndi wilibala ndi fosholo.

Ndikudziwa kuti ndalama zochokera ku boma lalikulu zimachedwa ndipo zimaperewera poyerekeza ndi 5 peresenti ya ndalama zimene boma limatolera, imene ndondomeko ya mphamvu ku anthu inalonjeza makhonsolo, koma ine sindikunena za ndalama ya ku Capital Hill. Ndikunena za ndalama imene imachoka m'manja mwa mayi wogulitsa masamba, imene sidikira siginecha ya nduna iliyonse, imene imatoleredwa kaya kugwe mvula kaya malonda asayende. Ndalama imeneyo ionekere pamene yachokera. Khonsolo imate pepala pachipata cha msika mwezi uliwonse, lolembedwa m'Chichewa chomveka, lonena kuti tatolera zakuti, talipira osesa zakuti, tapopa chimbudzi ndi zakuti, ndipo zatsala zakuti. Kodi chovuta n'chiyani pamenepa ngati manja ali oyera?

Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, ndipo tinkati zinthu zikuonongeka chifukwa palibe wotiyankhulira kukhonsolo. Tsopano makhansala alipo, timawavotera, amakhala nawo pamisonkhano yovomereza bajeti, koma zinyalala zili pomwe zija. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo zikundikwiyitsa kwambiri kuti titaika maliro ochuluka chotere tikulolabe kuti chakudya chizigulitsidwa pafupi ndi chimbudzi chosefukira, ogulitsawo atalipira kale ndalama yoti pamalopo pakhale paukhondo.

Kudepoti nakonso nkhani ndi yomweyi. Minibasi iliyonse imalipira isanatuluke pachipata, koma mvula ikangogwa okwera amavula nsapato kuti awoloke chithaphwi chimene chili pakati pa depoti, ndipo usiku palibe ngakhale babu limodzi loyaka.