Kapaipi ka mu ubongo ndi chiopsezo cha mabakiteriya

Nkhani ina yokhudza chithandizo cha ovulala mutu yafotokoza bwino kuti madokotala amaboola chigaza cha wovulala mutu n'kulowetsa kachipangizo koyezera kuthinana kwa ubongo, ndipo amachitapo kanthu muyezo ukapitirira 22 mmHg (mmHg ndi mlingo woyezera mphamvu ya kuthinanako). Komabe sinatsindike mokwanira kuti kapaipi kotulutsa madzi a mu ubongo, komwe nakonso kamalowetsedwa poboola chigaza, kamatsegulira mabakiteriya njira kuposa kachipangizo kongoyeza chabe, makamaka kakakhalitsa masiku ambiri, bala likamadontha, kapena madziwo akamatungidwa pafupipafupi kuti akapimidwe. Kwa ife kuno ku Mangochi, komwe ovulala kwambiri pa njinga zamoto za kabaza amafunika madokotala a ubongo ku Blantyre, matenda oumitsa khosi obwera pambuyo pake chifukwa cha mabakiteriyawa angatalikitse masiku ogonekedwa, achibale odikirira wodwalayo ali kutali ndi kwawo ndipo ufa ukutha m'thumba.