Achimwene lipirani basi, mzere wa njinga si wanu

Dzulo pa gulu lathu la WhatsApp la a Malawi okhala kuno ku London achimwene ena aponya chithunzi cha kalata ya chindapusa, awalipitsa £160 chifukwa analowetsa galimoto mu mzere wa njinga, ndiye akulira ati nkuba kumeneku, ati akungofuna ndalama zathu, anthu enanso nkumawapepesa ngati agwa maliro. Zandinyansa kwambiri ine.

Achimwene lipirani. Lipirani basi musatitopetse. Mzere woyera wosadukaduka uja sanaujambule kuti msewu ukongole ayi, Highway Code, buku la malamulo a pamsewu kuno ku UK, pa lamulo 140 ikunena poyera kuti nthawi imene mzerewo ukugwira ntchito galimoto isayendemo komanso isaimemo, ndipo munawerenga zimenezi pomwe mumafuna laisensi. TfL, bungwe loyang'anira za mayendedwe mu London, inayamba kulipitsa anthu olowa mu mizere ya njinga ndi makamera mu June 2022, si za dzulo izi. Komanso mukalipira mkati mwa masiku 14 ndalamayo imatsika nkukhala £80, ndiye mukulira chani?

Ine ndimapalasa njinga kupita kuntchito m'mawa kudakali mdima, ndipo inu mukalowa mu mzere wanga kapena kuimamo "mphindi ziwiri zokha" kuti mugule chakudya, ine ndiyenera kutulukamo kulowa pakati pa mabasi ndi malole, nsana wanga ndi bampa ya munthu wina. Mphindi ziwiri zanuzo kwa ine ndi mwendo, mwina moyo. Inu mwatsekedwa mu chitsulo muli ndi lamba ndi ma airbag, ine ndili ndi chipewa chokha. Ati panali jamu munachedwa, eya tonse timachedwa.

£80 imeneyo nkochepa. Ndikanakhala ine ndimapanga malamulo bwenzi wobwereza kachiwiri akumulanda galimotoyo sabata yathunthu akayende pa njinga yomweyo aone mmene zimakhalira lole ikamakudutsa pafupi mphepo yake nkukukankha. Wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu, ndipo anthu enanu simumva pakamwa, mumamva thumba likapweteka basi. Ndiye lipwetekedwe thumbalo.

Ndipo khalidweli sitinaliphunzire kuno, tinabwera nalo. Kwathu pa M1 kapena mkati mwa Lilongwe wa galimoto amaona wakabaza ngati si munthu, hutala mpaka mnyamata agwere m'ngalande ndi kasitomala wake, wanyamula mayi ndi mwana kumbuyo koma iwe ukungoimba hutala ngati msewu unagula ndi bambo ako. Akabaza aja m'misewu yambiri alibe ngakhale kamzere koti nkuthawiramo, palibe kamera, palibe kalata, wagunda wathawa basi. Ndiye mwafika dziko lomwe akulembani nambala mwayamba kufuula kuti akuberani, nanga amene munkawagwetsera m'ngalande aja anakalira pa gulu liti?