Database sinafe abale, werengani kaye zomwe error ikunena

Loweruka lapitali mphwanga wina wa kutchalitchi kwathu ku Rosettenville anandiimbira foni m'mamawa mawu ali njenjenje, ati achimwene database yafa, abwana akufuna lipoti la katundu Lolemba ndiye ine ntchito yandithera basi. Mnyamatayu amagwira pakashopu kogulitsa masipeya a galimoto kuno ku Joni ndipo ndi iyeyo amaona za makompyuta pamenepo ngakhale sanapite kusukulu yake, anangodziphunzitsa yekha usiku pa YouTube, ine pachimenecho ndimamupatsa ulemu kwambiri. Ndinakwera teksi kupita.

Nditafika ndinamufunsa kuti kodi uthenga wa error ukuti chani? Iye ati sindinawerenge achimwene, ndangoona kabokosi katuluka ndatseka. Mtima wanga unawawa pamenepo chifukwa si iye yekha, ambirife timatero. Titatsegulanso kabokosi kaja kanalemba kuti "architecture mismatch between the Driver and Application". Palibe pomwe pakutchulidwa seva apa. Seva ya PostgreSQL, kompyuta yomwe imasunga database yawo, inali phee pansi pa kauntala ikugwira ntchito yake bwinobwino, vuto linali pa laputopu yatsopano yomwe abwana anagula. Excel wa pa laputopupo, yemwe amakoka manambala ku seva, ndi wa 32-bit, driver ya ODBC (kapulogalamu kolumikiza Excel ndi database) yomwe anaika ndi ya 64-bit, ndiye awiriwa sangamvane ngakhale mutapemphera usiku wonse. Driver ili ngati womasulira uja amaima pambali pa abusa akamalalikira m'Chizulu, abusa alipo mpingo ulipo koma womasulira akasowa palibe chomveka. Ndiye inu m'malo mokafuna womasulira mukufuna kugwetsa tchalitchi.

Chomwe chimasokoneza anthu pa Windows nchakuti mapulogalamu okonzera ODBC alipo awiri ndipo onse dzina ndi limodzi, odbcad32.exe. Ya mu System32 ndi ya 64-bit, ya mu SysWOW64 ndiye ya 32-bit, mayinawa akuoneka ngati atembenuka koma ndi mmene zilili. Munthu umatha kupanga DSN yako (dzina losunga zonse zolumikizira ku database) bwinobwino, kuyesa, nkukuuza kuti zatheka, koma Excel osaiona chifukwa waipanga kunyumba ina.

Mphwanga uja anali ndi driver ya 32-bit yakalekale pa fulashi, tinaika imeneyo, error ina mbwee: "SCRAM authentication requires libpq version 10 or above". Iyi ikuchita kukuuza mankhwala ake. libpq ndi library, fayilo yothandizira, yomwe driver imadalira polankhula ndi PostgreSQL. Njira ya SCRAM yotsimikizira pasiwedi inabwera ndi PostgreSQL 10 mu 2017, ndipo kuyambira pa 14 ya 2021 ndi imene seva imasungira mapasiwedi ukangoiika osasintha kanthu. Library yakale siidziwa chilankhulo chimenecho, basi. Koma apa mnyamata anandionetsa zomwe anzake anamulangiza pagulupu la WhatsApp usiku wa Lachisanu ndipo ndi chimene chandilembetsa zonsezi. Wina ati tsegula pg_hba.conf, fayilo ya pa seva yonena amene aloledwe kulowa, ulembe trust m'malo mwa scram-sha-256, uikenso 0.0.0.0/0 kuti pasavute, wina wavomereza ati ine ndimatero daily zimayenda bho.

Abale anga a IT, izi tisiye chonde. Trust tanthauzo lake nkuti aliyense wofika pa seva alowe popanda pasiwedi, ndi dzina lililonse lomwe wafuna ngakhale la postgres lomwe ndi mwini zonse. 0.0.0.0/0 ndiye kuti adilesi iliyonse ilandiridwe. Kiyi wavuta ndiye mwazula chitseko nkukachiika kuseri, kuno ku Joni komwe ngakhale geti timamanga ndi maloko awiri! M'database mmenemo muli mayina a makasitomala, manambala a foni, ngongole zawo. Dziko lino la South Africa lili ndi lamulo la POPIA loteteza zinsinsi za anthu lomwe linayamba kuluma kwathunthu pa 1 July 2021, zinthu za anthu zikatuluka nkhani yake si yamasewera. Ndiye taganizani zikavuta woyamba kulozedwa chala ndi ndani, si wolangiza wa pagulupu uja ayi, ndi mMalawi yemwe anakhudza seva komaliza, yemwe kwawo ku Mangochi kuli anthu akudikira kandalama ka mwezi ndi mwezi. Mlendo salakwa kawiri kuno, tonse tikudziwa.

Ndipo si PostgreSQL yokha. MySQL 8.0 itabwera mu 2018 ndi njira yatsopano ya pasiwedi yotchedwa caching_sha2_password, ma client akale (mapulogalamu olumikizira ku seva) anayamba kukana, anthu nkumathamangira kubweza seva ku njira yakale m'malo mokweza client. ODBC Driver 18 ya SQL Server inabwera ikubisa zokambirana zonse ukangoiika, ndiye ikadandaula za certificate, chiphaso cha seva, aliyense amangolemba TrustServerCertificate=yes kuti isachifufuze nkuiwala. Pa laputopu yako poyeserera ndilibe nazo mawu, koma pa seva ya ntchito konzani certificate. Nthawi zonse chitetezo chikakwera ife timachitsitsa kuti chifanane ndi driver yathu yokalamba, pomwe kuchita download driver yatsopano ndi data ya ma megabyte ochepa chabe.

Ine ndikafika pavuto ngati ili ndimayamba ndafunsa kuti kodi tafika nkomwe pakhomo pa seva? Ngati ikuti connection refused kapena timed out ndiye za pasiwedi musazikhudze, simunafike. Onani IP, onani port, 5432 ya PostgreSQL, 3306 ya MySQL, 1433 ya SQL Server, 1521 ya Oracle, onani firewall, komanso PostgreSQL ukangoiika imamvera localhost yokha, kutanthauza kompyuta yomwe ilipoyo, mpaka usinthe listen_addresses. Magetsi akathima nkuyaka rauta imatha kupatsa seva IP ina, zimenezi ndaziona kangapo m'mashopu ang'onoang'ono. Koma ikamatchula fayilo, monga libpq.so.5 cannot open shared object file pa Linux, kapena DPI-1047 ya Oracle yomwe imati yalephera kupeza Oracle Client library, ndiye pulogalamu sinatuluke nkomwe m'kompyuta yanu, seva ilibe mlandu. Pa Linux lembani ldd pa fayilo ya pulogalamu kapena ya driver yanu ikuonetsani library yomwe ili not found. Kuona maso a nkhono nkudekha, mizere iwiri ya error ija ndi imene ikukuuzani koyambira.

Tinachita download psqlODBC, driver ya PostgreSQL, yatsopano ya 32-bit, kupanga DSN mu SysWOW64, kudina Refresh, manambala a mabuleki ndi mafyuluta mbwerekete pa sikirini, pg_hba.conf osaikhudza nkomwe. Mphwanga anangogwira kumutu ati achimwene zoona ndi zomwezi, ine usiku wonse osagona? Ndinamuuza kuti ulendo wina ajambule error yonse anditumizire asanatseke, angobisa pasiwedi. Inunso mukamandifunsa ku inbox chitani chimodzimodzi, mawu oti "sizikutheka" okha sindingakuthandizeni nawo. Lachitatu ndikaweruka ndidutsanso pashopu paja tikaike IP yokhazikika pa seva ija magetsi asanathimenso.