Musanachotse Windows muofesi, yambani mwafunsa akauntanti

Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo makompyuta ambiri akale akukana Windows 11 chifukwa alibe kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Ndiye anthu akulangizana kuti ingoikani Linux Mint kapena Ubuntu, yomwe ndi mitundu ya Linux, m'malo mwa Windows. Ndikugwirizana nazo, koma kompyuta ya akauntanti ikhale yomalizira kuigwira.

Makalata, makotesheni ndi ma invoice, LibreOffice, yomwe imalowa m'malo mwa Microsoft Office pa Linux, imakwanitsa bwinobwino. Chimene chimakhumudwitsa anthu n'chakuti ukatsegula fayilo ya Word mizere imasuntha, tsamba limodzi n'kusanduka awiri. Chifukwa chake ndi mitundu ya zilembo (ma font): Calibri ndi Cambria sizibwera ndi Linux. Ikani fonts-crosextra-carlito ndi fonts-crosextra-caladea, zomwe m'lifupi mwake n'zofanana ndi ziwirizo, ndipo vutoli limachepa kwambiri. Kasitomala muzimutumizira PDF.

Pamene pagona nkhani ndi pa mabuku a ndalama. QuickBooks Desktop ndi Sage Pastel zilibe mtundu wa Linux. Ena amazikakamiza kudzera pa Wine, pulogalamu yoyendetsera mapulogalamu a Windows pa Linux, koma chonde musaikepo mabuku a kampani. Lero pulogalamuyo itseguka, mawa ikana kusindikiza lipoti. GnuCash, pulogalamu ya mabuku a ndalama yoyenda pa Linux, ndi yaulere komanso yodalirika, koma siitsegula fayilo ya QuickBooks ndipo ilibe gawo lowerengera malipiro a antchito ndi PAYE. Muyenera kutulutsa zonse mu QuickBooks ngati mafayilo a CSV (mtundu wa fayilo womwe mapulogalamu ambiri amawerenga), kupanganso maakaunti ndi kulowetsa mabalansi oyambira. Ntchito imeneyi ichitike poyamba pa chaka cha ndalama, osati pakati, apo ayi oditala adzafuna mabuku m'mapulogalamu awiri.

Mafayilo a Excel okhala ndi ma macro a VBA (timapulogalamu tolembedwa mkati mwa fayilo) nawonso ndi msampha. Calc, yomwe ndi Excel ya LibreOffice, imayendetsa ma macro ena, ena imalephera, ndipo nthawi zambiri fayilo yotero ndi ija yowerengera sitoko imene anaipanga munthu yemwe anachoka kalekale. Mafomu ndi malipoti a Microsoft Access satseguka mu LibreOffice Base, yomwe imagwira ntchito ya Access.

Zoyendera pa browser, monga QuickBooks Online, Odoo kapena Msonkho Online ya MRA, zilibe nazo ntchito kuti pansi pali Windows kapena Linux. Zimangodya bandulo. ERPNext, pulogalamu yoyendetsera mabuku ndi sitoko, mungathe kuiika pa kompyuta imodzi muofesi momwemo, enawo n'kumailowa ngakhale intaneti itadula.

Choncho musanafufute kanthu, ikani Linux Mint pa fulashi ya 8GB, yatsirani kompyuta pa fulashiyo ndipo yesani mafayilo anu enieni. Yesaninso pulinta ndi sikana. Ma HP ambiri amangogwira, pomwe Canon LBP2900, yomwe ili m'maofesi ochuluka, dalaivala wake ndi wovuta kuika. Pulogalamu imodzi ikakanika, siyani kompyuta imodzi pa Windows, kapena yendetsani Windows ya laisensi mu VirtualBox (pulogalamu yoyendetsera Windows mkati mwa Linux) pa makina a RAM yosachepera 8GB.