Inu opita ku Lake District ndi mavani ndi njinga mvula ili mkati, tamverani kuno

Ana anga a kuno ku Mangalande, ndakhala chete nthawi yaitali, koma galu wamkota sakandira pachabe. Ndikuona zithunzi zanu pa WhatsApp ndi pa Facebook. Mwapeza kachisangalalo katsopano: malipiro akangolowa mumasonkherana anayi kapena asanu, n'kubwereka galimoto yogonamo ija amati campervan, njinga zokwerera m'mapiri n'kumangirira kumbuyo, ulendo wa ku Lake District, dera la nyanja ndi mapiri kumpoto kwa England. Sindikudana nazo. Munthu amene wagwira mashifiti a usiku mwezi wathunthu, kusambitsa ndi kudyetsa agogo a eni ake, ayenera kupitidwako mphepo. Chandikhazika pansi kuti ndilembe n'chakuti mukusankha miyezi yamvula ndi yozizira, poti ndi pamene mavani amatsika mtengo, ndipo mukupita mutanyamula nzeru za mvula ya kwathu.

Mvula ya kwathu ili ndi ulemu. Imayamba yatumiza uthenga: kutentha, mitambo bii, bingu chapatali. Ikagwa imagwa yamkokomo ola limodzi kapena awiri, kenako dzuwa latuluka, malaya n'kuumira m'thupi. N'chifukwa chake ife tinakula tikuyesa kunyowa ngati masewera. Ya ku Cumbria, chigawo chimene kuli Lake District, ilibe khalidwe limenelo. Tengani chiperoni cha ku Thyolo, muchiwonjezere mphepo yolasa m'mafupa, chigwe kuyambira m'mawa mpaka mawa lake osapumira. Kamudzi ka Seathwaite, m'chigwa cha Borrowdale, kamalandira mvula yoposa mamilimita 3,000 pa chaka, pamene Lilongwe nthawi zambiri safika ndi 1,000 pomwe. Nyanja zokongola mukuzijambulazo zinadzadza ndi mvula imeneyo. Udzu wobiriwira uja si wothirira ayi.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira mu November wapitayu, mwina mumva.

Cha m'ma 9 koloko usiku foni inalira. Anali mwana wa mlongo wanga. “Amalume, tatitimira.” Anali anyamata anayi, cha kufupi ndi nyanja ya Ullswater. Masana anaona kabwalo ka udzu pafupi ndi madzi, pokongola pojambulirapo, n'kuimikapo vani osapempha mwini munda. Mvula inagwa tsiku lonse. Pofuna kuchoka madzulo, matayala anangozungulira pamalo amodzi, ndipo aliyense amene anagwira chiwongolero anaponda mafuta kwambiri kuposa mnzake mpaka galimoto inakhala pamimba. Walira mvula walira matope, zimenezo sizinandidetse nkhawa. Ndinayamba kuseka.

Kuseka kunatha nditafunsa kuti ena ali bwanji. Akuti mmodzi anagwa panjinga masana potsetsereka, n'kugwera m'kamtsinje. Sanathyoke paliponse, choncho anapitiriza kupalasa maola ena awiri atavala jinzi ndi juzi ya thonje, zonse zili chonyowa. Atafika kuvani ankanjenjemera mano gwegwegwe. “Koma pano ali bwino amalume, wasiya kunjenjemera, akungofuna kugona. Kungoti akuyankhula ngati waledzera.” Ndiye n'kuwonjezera monyadira kuti amuyatsira makala, tija towotchera nyama togula m'shopu, mkati mwa vani, mawindo onse atatseka kuti kutentha kusathawe.

Ndinakuwa mpaka mayi a kunyumba anadzuka. Tulutsani makalawo panja pompano, tsegulani zitseko zonse! Inu nonse munakulira ku Malawi, ndani sanamvepo za banja lopezeka litafa m'mawa chifukwa chogona ndi mbaula m'nyumba mwezi wa June? Mpweya wa carbon monoxide sununkha, suoneka, sutsamwitsa. Umangokupatsa litsipa ndi tulo tokoma. M'vani muli malo ochepa kuposa kachipinda ka ku Ndirande, ndipo makala amatulutsabe mpweyawo ngakhale akuoneka ngati azima. Ngati vani mwabwerekayo ilibe kachipangizo kolira mpweyawu ukachuluka, gulani kanu, n'kotsika mtengo kuposa nyama imene mwanyamulayo.

Za mnyamata wosiya kunjenjemerayo ndiye zinandiopsa koposa. Kunjenjemera ndi thupi likudziwotha lokha. Munthu wonyowa, wozizidwa, akasiya kunjenjemera, lilime n'kulemera, n'kumafuna kugona, sikuti wachira. Thupi lagonja. Ndinawauza amuvule zonyowa zonse, amupukute, amukulunge m'zofunda zouma ndi chipewa kumutu, ampatse tiyi wa shuga wambiri ngati akutha kumeza bwinobwino, ndipo aimbe 999 osachita manyazi. Mowa ayi. Ndikudziwa kuti ena mumati kachasu amatenthetsa. Amangokunamizani pakhungu kwinaku kutentha kukuthawa m'kati. Mnyamatayo anagona kuchipatala usiku umodzi, ali moyo, akugwira ntchito. Vani inakokedwa m'mawa ndi thirakitala ya mlimi yemweyo amene anamupondera munda. Sanawalipiritse. Anangowayang'ana, ndipo mwana wa mlongo wanga akuti bola akanawatukwana.

Titakumana ndinamufunsa ngati anaona zanyengo asananyamuke. Anati anaona, a Met Office, ofesi yoona zanyengo kuno, anali atatulutsa chenjezo lachikasu la mvula. Nanga munapitiranji? “Tinali titalipira kale, amalume. Dipoziti sabweza.”

Mawu amenewa ndi amene ndikulimbana nawo. Tinali titalipira kale. Tinapempha kale tchuthi kuntchito. Tinauza kale anthu kuti tikupita. Ndiye munthu amaona mitambo, amaona chikwangwani, amaona madzi pamsewu, koma m'mutu mukungozungulira mapaundi amene anatuluka. A Met Office amachenjeza m'mitundu itatu: yachikasu, ya amber (yooneka ngati lalanje), ndi yofiira. Si zokongoletsa foni. Mukaona yachikasu sinthani mapulani, khalani m'tauni ya Keswick kapena Ambleside, imwani tiyi, kwerani boti la pa Windermere ngati likuyenda. Mukaona ziwiri zinazo musanyamuke n'komwe. Dipoziti ija anyamatawa anailuzabe, chifukwa vani inabwerera ndi bampala yong'ambika.

Mwina mukuganiza kuti kuno misewu ndi milatho n'zolimba, si za kwathu zokokoloka ndi mvula yoyamba. Mu November 2009 mlatho wa Northside ku Workington unagwa ndi madzi osefukira, wapolisi amene ankabweza magalimoto pamlathopo anapita nawo limodzi. Mu December 2015, nthawi ya namondwe wa Desmond, pa Honister Pass panagwa mamilimita 341 m'maola 24 okha. Mlatho wamiyala wa Pooley Bridge, kumapeto kwa Ullswater yomweyo, umene unaima kuyambira zaka za m'ma 1700, unakokoloka. Msewu waukulu wa A591 pakati pa Grasmere ndi Keswick unadyeka, n'kukhala wotseka mpaka May 2016. Ife amene tinalira abale pa Freddy mu 2023 sitiyenera kuphunzitsidwa kuti madzi othamanga ndi chiyani. Madzi oyenda ofika masentimita 30, osafika ndi m'mawondo momwe, amatha kusuntha galimoto. Vani yanu ndi chibokosi chachitali, madzi amachikankha cham'mbali ngati chitseko. Mukapeza madzi akudutsa pamsewu, bwererani. Musatume mnzanu kuti akayese kuya kwake ndi miyendo monga tinkachitira pa mitsinje ya kumudzi.

Nanga izi zomvera foni ngati mfumu? Foni ikati njira yachidule ndi ya pa Hardknott Pass, inu gwa, mwalowa. Msewu umenewo ndi wa galimoto imodzi, wokhotakhota ngati njoka yomenyedwa, ndipo malo ena pa mamita 10 alionse mumakwera mamita atatu. Zikwangwani zochenjeza zilipo musanayambe chitunda. Ikani pamenepo vani yolemera, phula lonyowa, nkhungu, nkhosa itagona pakati pa msewu, ndi dalaivala amene kwawo kwenikweni ndi misewu ya m'tauni ya Manchester. Kilatchi ikanunkha pakona simungabwerere m'mbuyo, simungapite kutsogolo, ndipo netiweki kulibe. Wrynose Pass ndi mbale wake. Zungulirani njira yaitali, mafuta ake sangakusaukitseni. Ndinenenso pang'ono za laisensi: ya ku Malawi imagwira ntchito kuno miyezi 12 yokha kuchokera pamene munakhazikika. Amene zaka zadutsa akuyendetsabe ndi ya kwathu akudziwa yekha kuti inshuwalansi idzamukana tsiku la tsoka, ndipo zina zotsatira zake zimakafika mpaka pa viza.

Tsopano njinga. Paja aliyense wa inu amati anabadwira panjinga, ena munapalasapo kabaza, ena munanyamulapo matumba awiri a chimanga kupita kuchigayo. Ndikuvomera. Koma kupalasa pa msewu wafumbi wa ku Mchinji ndi kwina, kutsika phiri pamiyala yonyowa ndi kwina. Miyala ya kumeneko ikanyowa imaterera ngati therere, mizu ya mitengo ndiye kuposa apo, ndipo ukangofinya buleki yakutsogolo mwamantha umapezeka wadutsa pamwamba pa mahandulo. Ku nkhalango za Whinlatter ndi Grizedale kuli njira zokonzedwera njinga, ndipo anaziika m'magulu ndi mitundu malinga ndi kuvuta kwake: zobiriwira ndi zabuluu n'zofewerapo, zofiira n'zovuta, zakuda n'za akatswiri. Inu tsiku loyamba, njinga yobwereka, mvula ikugwa, mukuthamangira yofiira chifukwa mnzanu wanena kuti zabuluu n'za ana. Chisoti chili lende pa handulo poti chikuononga tsitsi pa chithunzi. Mutu umenewo ndi umene mayi anu akuudalira ku Balaka mwezi uliwonse.

Valani zoti mvula isalowe, ndipo m'kati musavale za thonje, thonje likanyowa limamwa kutentha kwa thupi. Nyamulani juzi ina youma m'jumbo ya pulasitiki, tochi, chakudya, ndi mapu a pepala chifukwa batire ya foni imatha msanga kukazizira. Kumbukiraninso kuti mu December kumeneko dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Inu mumadzuka 11 koloko, kuphika nsima, kutsutsana za mpira, n'kunyamuka 2 koloko ngati muli ku Salima. Ndipo sikuti kanjira kalikonse n'kololedwa njinga. Ku England njinga imaloledwa pa njira zotchedwa bridleway, osati pa tinjira ta oyenda pansi. Chipata cha mlimi mukachipeza chotseka, chitsekeninso mukadutsa.

Chinanso chimene ndinaona pa kanema wa wina wa inu: atatopa ndi njinga, anavula malaya n'kudziponya m'nyanja, anzake akuwombera m'manja. Mwana wanga, imeneyo si Senga Bay. Ndikudziwa mmene mumaziderera nyanjazi. Windermere, imene ndi yaikulu kuposa zonse ku England, sikwana makilomita 20 m'litali, pamene yathu imapitirira 500. Munthu wa ku Nkhotakota angaitche thamanda. Koma Wastwater ndi yakuya mamita 79, ndipo zambiri zimatsetsereka mwadzidzidzi ukangoyenda mapazi ochepa kuchoka m'mphepete. Choopsa chenicheni ndi kuzizira kwake. Madzi akatsika pansi pa madigiri 15, thupi likalowamo mwadzidzidzi limakoka mpweya lokha mosafuna, ndipo ngati mutu uli pansi umakoka madzi. Zimachitika m'masekondi oyambirira, kaya ndiwe katswiri wosambira wa ku Chembe. Mukagweramo mwangozi musalimbane nawo: gonani chagada, makutu m'madzi, manja ndi miyendo motambasula, mpaka kupuma kukhazikike, kenako ndiye muitane anthu.

Zikavuta kuphiri, imbani 999, pemphani apolisi, kenako nenani kuti mukufuna a Mountain Rescue, opulumutsa anthu kumapiri. Musananyamuke tumizani mawu akuti register ku 999 pa SMS n'kutsatira zimene akuyankheni, kuti pamalo pofooka netiweki muthe kutumiza uthenga. Koma dziwani kuti anthu amene adzabwere kudzakunyamulani pa machira, a ku Keswick, a ku Patterdale, a ku Wasdale, ndi ongodzipereka. Salipidwa. Ali ndi ntchito zawo ndi ana awo, amasiya chakudya patebulo n'kukwera phiri mumdima ndi mvula, ndipo magulu awo amayendera zopereka za anthu. Sadzakulipiritsani, sadzakunyozani. Manyazi ake mudzawamva nokha akadzakupezani mutavala masilipasi.

Ine ndakhalapo m'makomiti a maliro kuno kangapo. Ndikudziwa mmene zimakhalira kulemba mayina pa gulu la WhatsApp, uyu 20, uyu 50, masabata akudutsa, thupi lili mufiriji, kumudzi anthu atakhala pa siwa kudikira ndege. Ndikudziwanso kulemera kwa foni imene umaimbira mayi wa munthu. Ya matenda timaimba, n'zochita Mulungu. Yoti mwana wanu anagona ndi makala m'galimoto poopa kuluza dipoziti, musandiimbitse.

Mwana wa mlongo wanga uja akuti akufuna kubwererako mu June, masiku atatalika. Ndamuuza kuti ndipita nawo. Vani tikaimika pa malo olipira, othira miyala, okhala ndi bafa lamadzi otentha, makala akayakira panja, ndipo makiyi azikagona m'thumba mwanga.