Ana apanga netiweki, inu mukuti akuonera mayeso?

Ndakwiya ndipo sindibisa. Mwana wa achemwali anga ali Fomu 3 pa sekondale ina kuno ku Lilongwe. Iye ndi anzake a kalabu ya sayansi analumikiza makakyuleta ojambula magirafu, a TI-84 Plus, kuti onse azitumizirana uthenga pa waya umodzi. Wachiwiri kwa ahedi atawapeza anawalanda makakyuletawo, mawaya n'kuwazula, anawo n'kuwapatsa chibalo chosesa. Mlandu wake akuti amapanga chida choonera mayeso. Kuonera mayeso? Masana, mu labu, zitseko zili zotsekula, mayeso kulibe?

Bambo inu, munafunsa n'komwe kuti anawo apanga chiyani? Simunafunse. Munangoona waya basi, mtima phaa, mwagwira mbava. Ana aganiza, inu mwawalanga chifukwa choganiza.

Anthu inu, mvetsani zimene anawa amalimbana nazo. Kakyuleta imeneyi ili ndi kabowo ka pulagi ya 2.5 mm. M'katimo mumadutsa mawaya atatu, awiri a uthenga, umodzi wa ground (wobwezera mphamvu ya magetsi). Kampani ya Texas Instruments, yopanga makakyuletawa, inakonza kabowoko kuti makakyuleta awiri okha azilankhulana. Yotumiza imatsitsa mphamvu pa waya umodzi, yolandira imavomera potsitsa pa waya winawo, kenako zonse zimasiya, n'kuyambanso. Kachidutswa kalikonse ka uthenga kamayenda choncho. Ndiye mukangoikapo yachitatu, chisokonezo. Ziwiri zimavomera nthawi imodzi, kapena ziwiri zimayamba kulankhula pamodzi, uthenga n'kuonongeka. Zili ngati pabwalo la amfumu aliyense akangodzuka n'kumayankhula osapatsidwa mpata.

Ndiye anawa anakhala pansi n'kumadzifunsa: tipange bwanji kuti kakyuleta iliyonse ikhale ndi nambala yakeyake, uthenga uzidziwa kopita? Iziyamba yamvetsera kaye ngati waya uli phee isanatumize? Ziwiri zikagundana, iliyonse idikire nthawi yosiyana ndi inzake? Nanga yolandira idziwa bwanji kuti uthenga wafika wathunthu? Mafunso amenewa ndi omwewo amene anthu opanga Ethernet, njira yolumikizira makompyuta ambiri pa waya, anavutika nawo. Ku America, Christopher Mitchell anachita zoterezi pa makakyuleta omwewa n'kuzitcha CALCnet, mpaka anawalumikiza ku intaneti, ndipo anthu amamulemekeza nazo. Kwathu kuno mwana akangoyerekeza, tsache m'manja.

Zimenezi ndiye zikundiwawa. Mwana wa ku Kawale, wopanda laputopu, bando yogula mwa apo ndi apo pa foni ya mayi ake, wazungulira mumsika kufunafuna mapulagi akale, wapempha wokonza mawailesi kuti amuwotcherere mawaya, ndipo akuyesa kulankhulitsa kachipangizo koyendera purosesa ya Z80 ya 1976, ya liwiro la 15 MHz, kokhala ndi malo ochepa kwambiri osungira zinthu. Mwana wotereyu mukumutcha mbava? Mwana wotereyu ndi injiniya, a ticha. Mwamuchititsa manyazi pamaso pa anzake. Mwamuphunzitsa kuti kufuna kudziwa zinthu ndi mlandu. Mawa akakhala duu m'kalasi, kumangokopera manotsi osafunsa kanthu, mudzati ana a masiku ano ndi aulesi.

Mwina ndi mantha a nkhani zobera mayeso, mwina ndi kusadziwa chabe. Zilibe kanthu. Pa mayeso letsani, palibe akutsutsa, tengani makakyuleta onse mutsekere. Koma tsiku wamba mwana asakhudze waya? Ndipotu amene akufuna kuonera sangakoke waya kuchoka pa desiki kupita pa desiki ina oyang'anira mayeso akuona. Ganizani bwino.

Tsiku ndi tsiku tikuimba nyimbo ya Malawi 2063, tikuti tikufuna achinyamata a luso, tikufuna mafakitale, tikudikira matabuleti ndi intaneti m'sukulu zonse. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Makakyuleta alipo kale, amayendera mabatire anayi a AAA, magetsi azime asazime amagwira ntchito. Ana apeza okha chochita nawo. Inu mwawalanda. Luso lija mumalifuna labwera lokha pakhomo panu, mwalithamangitsa ndi chibalo. Bwezani makakyuleta a ana. Bwezaninso mawaya awo, anagula ndi ndalama zawo za mandasi. Ndipo muwaitane afotokoze pa asembule zimene anapanga, inuyo mukhale kutsogolo mumvetsere.

Komanso nkhani iyi yotsekera zinthu mu stoo yanditopetsa. Makakyuleta amenewa anachita kuperekedwa ndi anthu akufuna kwabwino, ndipo anakhala m'katoni mpaka mabatire ena anawolera momwemo. Sukulu zambiri zili choncho. Maikulosikopu ali mu kabati, makompyuta avindikiridwa nsalu, kiyi ali ndi munthu mmodzi amene nthawi zonse wapita ku maliro kapena ku wekishopu. Akamva kuti kukubwera alendo, ndiye zonse zimatuluka, kupukutidwa, ana kuvala yunifolomu yochita kusita, kujambulitsa. Galimoto ya alendo isanafike n'komwe pa geti, katundu wabwerera kale m'katoni.